Nkhope yatsopano ya GS500: momwe ntchito ya fibreglass ikuyendera

Chimene ndikufuna kupanga

Njinga yake ndi Suzuki GS500, ya masilinda awiri, 487 cc, injini yozizira ndi mphepo, mtundu umene unayamba kutuluka mu 1989. Kutsogolo kwake kulibe chotchinga chilichonse: nyali yozungulira, mawotchi awiri pamwamba pake, basi. Pa liwiro lochepa palibe chodandaula, koma mukangopitirira makilomita 100 pa ola mphepo yonse imathera pachifuwa, ndipo ulendo ukatalika khosi ndi mikono zimalema. Ndiye ndaganiza zoiveka fairing ya theka, chigoba chokuta nyali ndi mawotchi, mapiko ake n'kubwerera kudzathera m'mbali mwa thanki, injini n'kutsala poyera monga ilili. Nyali ikhalabe yozungulira, ya mainchesi 7, chifukwa nkhope ya njingayi ndi imeneyo ndipo sindikufuna kuibisa.

Zigoba zambiri za kufakitale ndi za pulasitiki ya ABS, youmbidwa ndi makina m'zikombole zachitsulo, ntchito imene munthu mmodzi sangaiyerekeze n'komwe. Aluminiyamu ndi wokongola, koma kumupinda kuti akhote mbali ziwiri nthawi imodzi ndi luso la zaka zambiri. Fibreglass, ulusi wagalasi wonyowetsedwa ndi resin, madzi omata amene amauma n'kulimba gwa, imatenga maonekedwe alionse amene manja angaseme, siichita dzimbiri, ndipo ikang'ambika imakonzeka. Ntchito yake imayenda motere: kusema chifanizo, kutenga chikombole pa chifanizocho, kenako kuyala chigoba chenicheni m'chikombolemo. Alipo amene amangoyala fibreglass pamwamba pa foam n'kusalaza ndi fila, phala lija lodzazira malo olowa. Zimatheka ndithu, koma chigoba chimalemera, fila amang'aluka ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo tsiku limene njinga idzagwe mudzayambiranso pachiyambi. Mukakhala ndi chikombole mumangoyala china.

Pa mafoloko kapena pa felemu

Funso ili landidyera nthawi yambiri kuposa maonekedwe, popeza zonse zotsatira zikudalira yankho lake. Chigoba chomangidwa pa mafoloko n'chosavuta. Chimakhota limodzi ndi mahandulo, choncho palibe chimene chingagundane nacho. BMW R90S ya mu 1973 inatchuka ndi kachigoba kotere, kojambulidwa ndi Hans Muth, ndipo mpaka lero anthu akukakopera. Vuto lake n'lakuti mphepo iliyonse yomenya chigobacho imakathera m'chiwongolero. Kakakhala kakang'ono simumva kanthu, koma chikakula, mphepo ya m'mbali kapena ya lole imene mukuipitirira imakulandani mahandulo. Muth yemweyo pojambula R100RS ya mu 1976 chigoba chake chachikulu anachimangirira pa felemu, ndipo chinayesedwa mu wind tunnel, chipinda choyesera zinthu ndi mphepo, ya kampani ya Pininfarina ku Italy. M'mbuyo mwakemo, zigoba za njinga zampikisano zokuta tayala lonse lakutsogolo, zija ankazitcha dustbin, bungwe la FIM, loyang'anira mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse, linaziletsa kuyambira mu 1958, ndipo china mwa zifukwa zake chinali momwe mphepo ya m'mbali inkakankhira njingazo.

Mphepo si yoichepetsa. Pa makilomita 100 pa ola, mpweya umakankha ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 47 pa sikweya mita iliyonse yoyang'ana kutsogolo. Komanso siikula mofanana ndi liwiro: mukafika pa 140 imakhala itawirikiza kawiri. Chigoba changa mukachiyang'ana kumaso sichifika gawo limodzi mwa magawo asanu a sikweya mita, komabe amenewo ndi makilogalamu angapo okankha, kugwedeza ndi kupotokola nthawi yonse imene njinga ikuthamanga. Katundu ameneyo sindikufuna adutse m'manja mwanga. Chigoba chikhala pa felemu.

Kutero kwabweretsa ntchito ina. Tsopano chigoba chiziima chilili pamene mahandulo, maliva, manja, mawaya ndi mafoloko zikuyendayenda m'kati mwake.

Miyeso: malo amene chigoba chisafikeko

Chithunzi chimene ndinajambula papepala ndachiika kaye pambali. Choyamba n'kupeza malo onse amene zinthu zoyenda zimafikako, chifukwa malo amenewo ali kale ndi eni ake. Otsalawo ndiye anga.

Ndaimika njinga mowongoka, tayala lakutsogolo lili m'malere, n'kuchotsa nyali ndi maindiketa. Mafoloko a GS500 amayenda mamilimita pafupifupi 120, ndipo njinga ikangoima mumaona kachigawo chabe ka ulendo umenewo. Kuti ndione pamene amathera, ndamasula zivindikiro za pamwamba pa mafoloko kuti masipuling'i asakanize, kenako ndakweza tayala mpaka lagunda pomaliza. Apo m'pamene madigadi amafika mukamanga buleki mwamphamvu pa bampu. Kunsi kwa chigoba kuyenera kukhala pamwamba pa malo amenewo, n'kusiyanso mpata wa mamilimita 20. Muyesowu sindinautenge tayala litangolunjika ayi. Ndaubwereza mahandulo ali kumanzere kotheratu, kenako kumanja. Chigoba chikagunda madigadi chimatseka chiwongolero, ndipo chimatero pa nthawi imene mukumanga buleki mwadzidzidzi, nthawi yomwe chiwongolerocho mukuchifunitsitsa.

Kenako manja. Liva ya buleki ndi ya kilachi zimayenda uta waukulu mahandulo akamakhota, ndipo nsonga zake n'zimene zimafika patali. Ndamata pensulo kunsonga kwa liva iliyonse, kuimika makatoni m'mbali, n'kumakhotetsa mahandulo uku ndi uku kuti mzere ujambulike wokha. Ndachita zimenezi nditavala magolovesi ochindikala amene ndimakwerera njinga, zala zitatambasuka pamwamba pa liva, chifukwa dzanja lopanda golovesi limakunamizani ndi masentimita awiri kapena atatu. Mzere umene watuluka wadya mbali yaikulu ya mapiko a pachithunzi paja. Tsopano mapikowo atsika, ndipo ali ndi mpata wozama pamene dzanja limadutsa. Nditaimika makatoni atsopano n'kuyang'ana ndili patali, ndaona kuti akuoneka bwino kuposa a papepala. Mzere wotsata kayendedwe ka njinga umaoneka kuti ndi wa njingayo, pamene wongopeka umaoneka wobwereka kwina.

Palinso mpweya wa injini. Injini yozizira ndi mphepo imadalira mpweya wodutsa pakati pa mafoloko, pamwamba pa tayala, kukamenya mutu wa masilinda. Eni ake a Suzuki potulutsa GS500F mu 2004, ya chigoba chathunthu, anaiwonjezera oil cooler, chipangizo choziziritsira oyilo. Ine sindikufuna kufika kumeneko, choncho kunsi kwa chigoba ndakudulira m'mwamba ndithu kuti mutu wa injini ukhale poyera. Paipi ya buleki ndi kebulo ya sipidomita, imene pa njingayi imachokera pa tayala lakutsogolo, nazonso zimapindika n'kuwongoka mafoloko akamayenda, ndiye ndazisiyira njira yake.

Bulaketi

Bulaketi yogwirira chigoba pa felemu ndaipanga chigoba chisanakhalepo, mwadala. Ndi ya mapaipi achitsulo a mamilimita 12, owotcherera mwa makona atatu, ndipo yagwira pakhosi pa felemu ndi zopanira ziwiri, china pamwamba china pansi. Khosi la felemu sindinaliboole kapena kuliwotcherera; pamenepo m'pamene pamathera mphamvu yonse ya tayala lakutsogolo, si malo oyeserapo zinthu. Nyali yakhala pa bulaketiyo, osati pa fibreglass. Mikono iwiri yakwera m'mwamba kukagwira pamene padzakhale galasi lotchinga mphepo ndi magalasi oonera kumbuyo, ina iwiri yabwerera kunsi kwa thanki kukagwira mapiko.

Ndayamba ndi chitsulo chifukwa n'chosavuta kusema foam mozungulira bulaketi kusiyana ndi kupinda bulaketi kuti ilowe m'chigoba chotha kale. Mawaya amene ankabisala m'mbale ya nyali ndawasonkhanitsa m'kathumba ka labala kumbuyo kwa bulaketiyo, ndipo ochokera ku mahandulo ndawasiyira utali wokwanira kuti asakokeke pokhota.

Chifanizo

Apa ndiye pagona ntchito. Msana wa chifanizo ndi pulayiwudi yodulidwa motsata mmene chigoba chidzaonekere chammbali, yoimikidwa pakatikati penipeni pa njinga. Pakati pake ndapapeza pokoka chingwe kuchokera pakati pa tayala lakumbuyo kudutsa pakati pa khosi la felemu, osati poyang'ana thanki, chifukwa thanki yokhala pa malabala ikhoza kupendekera pang'ono osaoneka. M'mbali mwa msanawo muli nthiti za pulayiwudi, ndipo mipata yake ndadzazamo zidutswa za foam.

Foam wake ndi wa polyurethane. Woyera uja wa polystyrene, amene amatchingira katundu m'makatoni, amasungunuka akangokhudzana ndi resin wa polyester kapena fila, popeza resin ndi fila zili ndi mankhwala otchedwa styrene. Wa polyurethane sasungunuka, ndipo amasemeka bwino ndi mpeni wautali, tupa ndi sandipepala ya nambala 40. Amasemeka bwino mopitirira, kunena zoona: mukangokwecha kawiri mosaganiza mwachotsa kale mamilimita asanu.

Chovuta kwambiri n'kufananitsa mbali ziwiri. Diso silithandiza, chifukwa mukayang'anitsitsa chinthu nthawi yaitali limazolowera kupendekera kwake. Njira imene ndatsata ndi yomaliza mbali imodzi yokha, kenako kudula makatoni otsata kupindika kwake pa masentimita asanu alionse kuchokera kutsogolo, n'kumawatembenuzira mbali inayo. Katoni ikakhala bwinobwino popanda kuwala kudutsa pansi pake, pamenepo patha. Bowo la nyali ndi limene limaulula zonse. Chinthu chozungulira chikakhala pakati, ngakhale kusiyana kwa mamilimita atatu pakati pa tsaya lamanzere ndi lamanja kumaoneka munthu ali kutsidya kwa msewu.

Posema ndakhala ndikukumbukira zinthu ziwiri zimene chikombole chidzafune. Choyamba, pasakhale kona yakuthwa. Ulusi wagalasi sulola kupindika mwadzidzidzi. Umadzuka n'kusiya mphako pansi pa gelcoat, resin wautoto amene amakhala khungu lakunja la fibreglass, ndipo mphako imeneyo imadzaphulika tsiku lina. Kona iliyonse ndaiundumutsa kuti ikhale yobulungira. Chachiwiri, m'mphepete monse ndasiya mlomo wopindikira m'kati wa sentimita imodzi ndi theka. Mlomo umenewu ndi umene umalimbitsa chigoba chopyapyala kuposa kuwonjezera maleya, komanso umabisa m'mphepete mwakuthwa mmene mukanacheka munthu.

Foam atafika pa maonekedwe ake, ndamuphimba ndi nsalu yagalasi yopyapyala kuti akhale ndi khungu lolimba, kenako fila. Kuchokera apo ndi kukwecha basi. Sandipepala ya 80, kenako 120, kenako 180, nthawi zonse itakulungidwa pa thabwa lalitali lotha kupindika pang'ono, ndipo kukwecha kwake kopingasa, osati kutsata mzere umodzi. Sandipepala yogwira ndi zala imatsata zitunda ndi zigwa m'malo mozichotsa. Pakati pa nambala iliyonse ndimawaza kapenti kakuda pang'ono chabe. Ndikakwecha, pamene pakuda patsala m'pamene palowa, ndipo pamafuna fila wina. Madzulo ndimazimitsa magetsi n'kuunika ndi tochi chammbali, kuwala kukuyenda chogona pamwamba pa chifanizo. Zimene masana zimabisala zimaonekera zonse pamenepo. Chikhatho nachonso, mutatsinzina, chimamva zimene maso sanaone.

Pamwamba pa fila papita primer, penti yoyambira, wochindikala, wokwechedwa ndi madzi kuyambira 400 mpaka 1200, kenako polishi mpaka chifanizo chayamba kuonetsa nkhope. Wina angafunse kuti kuvutikiranji chonchi ndi chinthu chimene chidzatayidwe. Yankho n'lakuti chikombole chimakopera chilichonse, ngakhale kamzere ka sandipepala kamene chikhadabo sichikumva, ndipo chikakopera chimakapereka kwa chigoba chilichonse chimene chidzatuluke m'menemo. Kukonza chitunda pa chifanizo, chimene chili chotukukira kunja, n'kosavuta. Kukonza chomwecho m'kati mwa chikombole, mmene dzanja likulowa movutikira, ndi nkhani ina.

Chikombole

Chigobachi n'chotakata pakati kuposa kumbuyo, ndiponso chili ndi milomo yopindikira m'kati, choncho chikombole chathunthu chikanakola osatulukanso. Ndachigawa pawiri motsata msana. Pa mzere wogawirawo ndaimika mpanda wa pulasitiki yosalala wa masentimita asanu, mipata ya pansi pake n'kuitseka ndi plasticine, dongo lija lofewa losauma, ndipo pa mpandawo ndamata timibulu tating'ono kuti mbali ziwirizo zizidzalumana pamalo amodzimodzi nthawi zonse.

Phula lomatulira ndapaka kasanu ndi kamodzi, kulisiya liume n'kulipukuta ndisanapake lina. Pamwamba pake ndawaza PVA, madzi aja amene akauma amasanduka kakhungu kopyapyala kosungunuka ndi madzi. Ena amati phula lokha ndi lokwanira, ndipo pa chikombole chimene chagwira kale ntchito n'zoona. Pa chifanizo chatsopano, cha primer amene sanakhalitse, sindingayerekeze. Resin akakanirira pa chifanizo mumataya zonse ziwiri.

Gelcoat wa chikombole ndi wakuda, kuti poyala chigoba choyera ndizidzaona pamene papyapyala. Amapakidwa mochindikala pafupifupi theka la milimita. Akapyapyala kuposa apo sauma bwino, ndipo resin wobwera pamwamba amamukwinyitsa. Akachindikala kwambiri amang'aluka. Nthawi yoyalapo imakwana pamene chala chikumata pang'ono koma osatenga utoto.

Za MEKP, mankhwala oumitsa resin, ndinenepo mwachindunji chifukwa apa m'pamene anthu ambiri amayerekeza ndi maso. Muyeso wake ndi 1 mpaka 2 peresenti ya kulemera kwa resin, kutanthauza mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu. Resin ndimamuyeza pa sikelo, MEKP ndi sirinji. Pa madigiri 25 mumakhala ndi mphindi 15 kapena 20 resin asanayambe kugwirana. Kukatentha nthawiyo imafupika, ndiye ndimatsikira ku 1 peresenti n'kusakaniza pang'onopang'ono, magalamu 250 pa nthawi. Kukazizira pansi pa madigiri 15 ndi bwino kungoisiya ntchitoyo, popeza resin sauma mokwanira, ndipo kuthira MEKP wambiri sikukonza kanthu, kumangopangitsa chinthu chophweka kusweka. Resin akamauma amatulutsa kutentha, ndipo wotsala m'kapu, pokhala waunjikana pamodzi, amatha kutentha mpaka kufuka utsi. Makapu otere ndimawaika panja, kutali ndi nsanza za acetone, mankhwala otsukira resin osachedwa kuyaka. MEKP akadonthera m'diso akhoza kulichititsa khungu, choncho magalasi otchinga maso sachoka pankhope. Fungo la styrene limafuna masiki ya makatiriji ogwira nthunzi za mankhwala ndi zitseko zotsegula. Kamasiki kapepala kamagwira fumbi lokha.

Leya yoyamba pamwamba pa gelcoat ndi tissue, kansalu kagalasi kopyapyala kwambiri, kotsatiridwa ndi mat wa magalamu 300 pa sikweya mita, uja wa ulusi woduladula womwazika mbali zonse. Leya imeneyi ndi yofunika kuposa zonse, ndipo ndaisiya iume payokha. Mat ndimamung'amba ndi manja m'malo momudula ndi sizasi, kuti m'mphepete mwake mukhale manyenje olowerana ndi chidutswa chinzake popanda chitunda. Resin amayamba kupakidwa pansi, mat n'kugona pamwamba, kenako kudinda ndi nsonga ya bulashi, osati kukoka ngati mukupenta, mpaka kuyera konse kutatha. Pomaliza rola ya mano achitsulo imatulutsa timathovu. Paliponse pamene patsala poyera pali mpweya.

Pamwamba pake papita mat wa magalamu 450, maleya awiri pa nthawi, kudikira kutentha kutsike ndisanawonjezere ena, mpaka chikombole chafika mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi. Polyester amafota akamauma, ndipo mukaunjika maleya onse nthawi imodzi kutentha ndi kufotako zimapotoza chikombole. Mbali yoyamba itauma ndachotsa mpanda, kupaka phula ndi PVA pa mlomo umene watsala, n'kuyala mbali yachiwiri. Mabowo a mabawuti olumikizira ndaboola mbali ziwirizo zisanasiyane.

Pomatula ndagwiritsa ntchito timatabwa tofewa tosongoka, kulowetsa pang'onopang'ono m'mlomo, n'kuthira madzi ofunda mumpata kuti PVA asungunuke. Chitsulo sichiyandikira pamenepa. Mbali zonse ziwiri zamatuka bwino, PVA n'kusendeka ngati khungu la njoka yofundula, ndipo m'kati mwa chikombole mwatuluka mukunyezimira. Chifanizo chasweka pa milomo, monga zimayembekezeka.

Chigoba chenicheni

Chikombole ndachisiya chikhwime kaye, kenako phula ndi PVA monga kale. Kuyala kwake: gelcoat woyera, mat wa 300, nsalu yolukidwa ya magalamu 200, n'kutsekera ndi mat wina wa 300. Zonse pamodzi ndi mamilimita awiri ndi theka. Mat amamwa resin wolemera kawiri kapena kawiri ndi theka kuposa iye mwini, pamene nsalu yolukidwa imamwa wolingana ndi kulemera kwake, ndiye ndayezeratu galasi lonse pa sikelo kuti ndidziwe resin amene akufunika. Mphamvu ya fibreglass ili mu ulusi. Resin wopitirira muyeso amangowonjezera kulemera ndi kung'aluka, ngakhale kuti chigoba chonyowa kwambiri chimaoneka chokongola chikadali m'chikombole.

Nsalu yolukidwa sindinaigoneke pa gelcoat mwachindunji. Ikakhala pamenepo, resin akamafota maluko ake amadzaonekera kunja, pansi pa penti. Pa malo asanu ndi limodzi omangira mabawuti ndawonjezera zigamba za nsalu, chilichonse chokulirapo kuposa chapansi pake, kuti kuchindikala kuzitha pang'onopang'ono. Chigamba chothera mwadzidzidzi chimasiya mzere umene mng'alu umayambira. M'makona a milomo ndayamba ndi phala la resin wosakaniza ndi ulusi woduladula kuti mat apeze pogona.

Zotsalira za m'mphepete ndazidula ndi mpeni wakuthwa resin atagwirana koma asanaumitsitse. Nthawi imeneyo ndi yaifupi, koma mukaipeza mumapulumuka fumbi lambiri la galainda, lomwe limayabwa pakhungu ndipo si loti lilowe m'mapapo. Chigoba ndachisiya m'chikombole kuti chikhwimire momwemo, popeza chotulutsidwa msanga chimapindika chokha. Chitatuluka chalemera makilogalamu 1.6. Pali kamzere ka pamene mbali ziwiri za chikombole zimakumana, kamene kachoka ndi sandipepala ya 400, ndi timaenje tiwiri pa mlomo wa bowo la nyali tofuna kudzaza ndi gelcoat.

Kumanga pa njinga

Fibreglass siifuna kupanidwa pakati pa zitsulo ziwiri. Bowo lililonse ndalikulitsa n'kuikamo labala, m'kati mwa labalayo kapaipi kachitsulo, kuti bawuti imange pa kapaipiko pamene chigoba chikuyandama pa labala. Mabowo ndaboola chigoba chili pa njinga, chitagwiridwa ndi tepi pamalo ake, ndipo palibe bowo limene ndachita kulikokera ku bulaketi. Chigoba chomangidwa mochikakamiza chimang'aluka ngakhale njinga isanagwe.

Galasi lotchinga mphepo ndi la polycarbonate ya mamilimita awiri. Acrylic ndi wosavuta kuumba ndi moto ndipo sakandika msanga, koma akasweka amasiya zidutswa zakuthwa patsogolo pa khosi la wokwera. Polycarbonate siisweka chotero, kungoti kuiumba ndi moto kumafuna kuiumitsa kaye, apo ayi imatuluka timathovu. N'chifukwa chake pa chifanizo paja malo a galasi ndinawasema opindika mbali imodzi yokha, mosathina, kuti lizipindika lozizira. Lamangidwa ndi mabawuti a nayiloni, oti pangozi aduke galasi lichoke. Mankhwala aja omata mabawuti kuti asamasuke asayandikire polycarbonate, amaing'alula.

Ndabwereza miyeso yonse ya poyamba chigoba chili pamalo ake: mafoloko pomaliza, mahandulo uku ndi uku, magolovesi m'manja. Palibe chagunda. Nyali ndailunjika nditakhala pa njinga, kuwala kwa dimu kukutsika pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse kuchokera pakhoma.

Pamsewu

Chimene ndinkafuna chatheka: mphepo yachoka pachifuwa, ndipo mahandulo apepuka, popeza nyali siikulenderanso pa mafoloko. Popitirira magalimoto akuluakulu njinga ikuyenda mowongoka, manja osamva kukokedwa. Usiku pokhota pang'onopang'ono pakufunika kuzolowera, chifukwa nyali tsopano ikuloza kumene felemu yaloza, osati kumene mahandulo akhotera.

Zatuluka zinthu ziwiri zofuna kukonza. Injini ikafika chapakati pa mphamvu yake, nsonga za mapiko zikunjenjemera n'kumalira. Mankhwala ake si kuchindikalitsa mapiko onse, koma kuika nthiti m'kati: kachingwe ka foam kobulungira, komatidwa motsata utali wa phiko n'kukutidwa ndi nsalu, kamene kamalimbitsa kwambiri popanda kulemera. Chachiwiri n'chakuti mpweya wochoka pamwamba pa galasi ukumenya chipewa chapachibwano n'kumachigwedeza. Kuseri kwa galasi kumakhala mpweya wochepa mphamvu, ndiye wodutsa pamwamba umagwera m'menemo n'kumazungulira. Ndakweza tsinde la galasi ndi mawashala kuti pansi pake padutse kampweya kodzaza malo amenewo, ndipo kugwedezako kwachepa kwambiri. Ndikufuna kuyesanso galasi lofupikirapo, loti mpweya uzimenya pamapewa chipewa n'kukhala mu mpweya wosasokonezeka. Kwa ine kufupikitsa kukuoneka kwanzeru kuposa kutalikitsa, chifukwa galasi lalitali likanafuna mikono ina ya bulaketi.

Zotsala

Nthiti za mapiko, kudzaza timaenje tija, ndi kusankha utali wa galasi. Mpata wa pansi pa galasi ukatsimikizika ndidzaupanga kukhala wokhazikika, mawashala achoke. Bulaketi ichotsedwe, ndiyang'ane mowotcherera monse ngati mwayamba ming'alu, kenako ipentedwe. Maindiketa akufuna malo pa mapiko, ndipo pamenepo padzafunika zigamba zina m'kati.

Penti ya chigoba idikira. Polyester amapitiriza kukhwima ndi kufota pang'ono kwa masabata angapo, makamaka akamawombedwa ndi dzuwa, ndipo chopentedwa msanga chimadzaonetsa ulusi pansi pa penti. Pakadali pano chiziyenda ndi gelcoat woyera yemweyo. Nthawi yopenta ikakwana, choyamba ndi kutsuka phula lonse lomatulira ndi mankhwala ochotsa mafuta sandipepala isanakhudzepo, chifukwa kukwecha phula lisanachoke kumangolilowetsa m'mizere, primer n'kukana kugwira.